Yankho kwa achimwene a ku Indiana pa nkhani yofupikitsa mpope wa mfuti

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo mayankho ena amene alembedwa pansi pake andidetsa nkhawa, choncho ndiloleni ndifotokoze motalikirapo. Mwanena kuti mumakhala ku Indiana, chigawo cha dziko la America, muli ndi green card, chilolezo chokhala m'dzikolo mokhazikika, munagula mfuti ya AR-15 ya mpope wa mainchesi 16 kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo mnzanu wa kuntchito akufuna kukugulitsani mbali ya pamwamba, imene eni ake amaitcha upper, yokhala ndi mpope wa mainchesi 10.5. Iye wakutsimikizirani kuti popeza msonkho wa madola 200 wolembetsera mfuti za mipope yaifupi unachotsedwa, tsopano munthu angathe kungoimanga pa mfuti yake n'kumapita nayo kowombera. Za msonkho wanena zoona, koma wasiya mbali imene imamangitsa anthu. Chimene chinachotsedwa ndi ndalama yokha. Kalembera akadalipo, ndipo kumanga mpope waufupiwo pa mfuti yanu chilolezo chisanatuluke ndi mlandu waukulu pansi pa malamulo a dziko lonse la America.

Lamulo lake ndi National Firearms Act la 1934, limene anasainira pulezidenti Franklin D. Roosevelt, anthu atatopa ndi zigawenga za m'nthawi imene mowa unali woletsedwa, monga zija zinapha anthu asanu ndi awiri ku Chicago mu 1929. Poyamba opanga malamulo ankafuna kuti ngakhale ma pistol alowe m'kaundula, ndipo anaikamonso mfuti zodulidwa mipope n'cholinga chakuti munthu asazembe lamulo podula mfuti yaitali kuti izibisika m'chovala ngati pistol. Ma pistol anachotsedwa lamulo lisanavomerezedwe, koma ndime ya mipope yaifupi inatsala. N'chifukwa chake ambiri amadabwa kuti pistol, imene imabisika m'thumba, imagulidwa mosavuta kuposa mfuti ya mpope wa mainchesi 15. Ine ndimamvetsa kudabwa kwawoko, ndipo ndimaona kuti ndimeyi inataya mutu wake kuyambira pachiyambi, koma woweruza sadzakufunsani ngati lamulolo ndi lomveka. Adzafunsa ngati mfutiyo ili m'kaundula m'dzina lanu. Madola 200 aja mu 1934 inali ndalama yoletsa munthu wamba, ndipo sinakwezedwepo mpaka lamulo limene pulezidenti Donald Trump anasainira pa 4 Julayi 2025 linautsitsa msonkhowo kufika pa ziro kuyambira pa 1 Januwale 2026, pa mfuti za mipope yaifupi ndi zipangizo zochepetsa kulira kwa mfuti. Pali mabungwe amene anapita kukhoti kukatsutsa kalemberayu ponena kuti msonkho ukachoka maziko ake achokanso, koma dandaulo loperekedwa kukhoti si chigamulo, ndipo silingakutetezeni inu mukagwidwa.

Malinga ndi lamuloli, mfuti yowombera mutaitsamiritsa paphewa imakhala short-barreled rifle, kapena kuti SBR, ngati mpope wake sukwana mainchesi 16, omwe ndi masentimita 40.64. Imakhalanso m'gulu lomweli ngati inapangidwa kuchokera ku mfuti yaitali ndipo utali wake wonse sukwana mainchesi 26. Kwa mfuti za shotgun malire a mpope ndi mainchesi 18. Kayezedwe kake n'kofunika kukadziwa bwino, chifukwa ambiri amayeza kunja kwa mpope ndipo amadzinamiza. Mumayamba mwatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, n'kutseka bolt, chitsulo chimene chimatsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, kenako mumalowetsa kandodo kowongoka kukamwa kwa mpope mpaka katagunda bolt ija, mumalemba chizindikiro pamene mpope wathera, n'kukatulutsa kandodoko ndi kukayeza. Chitsulo chimene amapotokolera kukamwa kwa mpope sichiwerengedwa, pokhapokha ngati chinamangidwa mosachotseka, monga mochikhomera pini ndi kuchiwotcherera. Tsiku lina pamalo owomberapo ndinaona bambo wina wachikulire akuyeza mfuti ya mwana wake mwa njira imeneyi. Mwanayo ankanena motsimikiza kuti mpope wake ndi wa mainchesi 16, koma bamboyo atagwira chitsulo cha kukamwa ndi dzanja n'kuchipotokola, chinamasuka ngati chitsekero cha botolo, ndipo kandodo kanaonetsa mainchesi 14.5. Nkhope ya mnyamatayo inagwa, ndipo bamboyo sanalankhule zambiri: anamasula mbali ya pamwamba pomwepo. Mpope wa mainchesi 14.5 wowotcherera chitsulo chokwaniritsa mainchesi 16 ndi njira yololedwa, ndipo ambiri amaisankha kuti asalowe m'kalembera, koma kuwotchererako kuyenera kuchitika mpopewo usanamangidwe pa mfuti.

Ngati mukufunadi mpope wa mainchesi 10.5, njira yake ilipo ndipo si yovuta monga anthu amaiopera. Popeza mukusintha mfuti imene muli nayo kale, lamulo limakuonani ngati wopanga mfuti yatsopano, ndipo fomu yanu ndi Form 1 ya ATF, bungwe la boma la America loona za mfuti. Amene akugula SBR yopangidwa kale kwa wogulitsa amadutsira pa Form 4, ndipo mfutiyo imakhala m'sitolo mpaka chilolezo chitatuluka. Form 1 imatumizidwa pa intaneti kudzera pa eForms ya bungwe la ATF, limene ofesi yake yoona za kaundulayu ili ku Martinsburg, West Virginia. Mumalembapo dzina la kampani imene inapanga mbali ya pansi ya mfuti, nambala yake, kukula kwa chipolopolo, utali wa mpope ndi utali wa mfuti yonse monga mmene idzakhalire. Amafunanso chithunzi chanu ndi zidindo za zala, ndipo kope la fomuyo mumalitumiza kwa mkulu wa apolisi wa dera lanu. Kuyambira pa 13 Julayi 2016 mkuluyo amangodziwitsidwa, safunikanso kusainira, ndipo izi zinathetsa vuto lakale lakuti mkulu wa apolisi mmodzi ankatha kutsekereza anthu a dera lonse pongokana kugwira cholembera. Mukamaliza zonsezi mumadikira. Mbali ya pansi ija, imene lamulo limaiona kuti ndiyo mfuti yeniyeni, iyeneranso kuzokotedwa dzina lanu, mzinda ndi chigawo chimene mwapangira mfutiyo, mozama zosachepera inchesi 0.003. Ine nditapita ndi yanga kwa mmisiri wozokota, anandipempha kuti ndimuonetse fomu yovomerezedwa, nafananitsa dzina chilembo ndi chilembo asanayatse makina, chifukwa cholembedwa pachitsulo chiyenera kufanana ndi cholembedwa m'kaundula.

Apa ndipo pagona nkhani yonse: chilolezo chimayamba, mpope waufupi umabwera pambuyo. Palibe njira yoti munthu wamba alembetse mfuti imene waifupikitsa kale. Boma linatsegulapo mpata wa masiku 30 mu 1968 kuti amene anali ndi mfuti zotere azilembetse popanda mlandu, ndipo mpata umenewo unatsekedwa kalekale. Mukamanga mpopewo ngakhale madzulo amodzi okha kuti muone mmene ikuonekera, mwapanga SBR yosalembetsa, ndipo chithunzi chimene mungatumize pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti anzanu asirire chimakhala umboni. Chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende, chindapusa chofika madola 250,000, ndi kulandidwa mfutiyo.

Ndikuchenjezeninso za kusunga zigawo zosamanga, chifukwa wina wakulangizani kuti mugule upper ija mungoisunga m'kabati. Mu 1992 Khoti Lalikulu la America linaweruza mlandu wa United States v. Thompson/Center Arms, wokhudza kampani imene inkagulitsa pistol pamodzi ndi zipangizo zoisandutsira mfuti yaitali. Kampaniyo inapambana, chifukwa zipangizozo zinkatha kumangidwa m'njira yololedwa. Koma m'chigamulo chomwecho muli mfundo yakuti munthu akasonkhanitsa zigawo zimene zilibe ntchito ina koposa kupanga mfuti yofunika kalembera, angathe kuonedwa ngati waipanga kale. Inuyo muli ndi mbali ya pansi imodzi yokha, yokhala ndi chotsamiritsa paphewa, ndipo mpope wa mainchesi 10.5 ukalowa m'nyumba mwanu ulibe kwina komangidwa koma pamenepo. Musamapatse wozenga milandu chiyambi chotere.

Ena anena kuti mungochotsa chotsamiritsa paphewa, mfutiyo isanduke pistol. Zimenezo sizigwira ntchito pa mfuti yanu. Mu chigamulo chake cha 2011-4, ATF inafotokoza kuti chimene chinayamba ngati pistol chingathe kusandutsidwa mfuti yaitali ya mpope wa mainchesi 16 n'kubwezedwanso kukhala pistol, koma chimene chinatuluka kufakitale ngati mfuti yaitali sichingasanduke pistol, ndipo mukachifupikitsa chimakhala chida chopangidwa kuchokera ku mfuti yaitali, chofunika kalembera. Za pistol brace, kachipangizo komangirira pamkono kamene kanautsa mapiri pachigwa, ATF inatulutsa lamulo mu Januwale 2023 lonena kuti ma pistol ambiri okhala nako ndi ma SBR, ndipo khoti la ku Texas linathetsa lamulolo mu Juni 2024 pa mlandu wa Mock v. Garland. Nkhani imeneyo ikukhudza zida zimene zinayamba ngati pistol, osati yanu.

Chilolezo chikatuluka, moyo ndi mfutiyo umasinthako pang'ono. Sungani kope la fomu yovomerezedwa m'chikwama cha mfuti. Mungathe kusinthira mpope wina kwa kanthawi popanda kupempha chilolezo chatsopano, koma kusintha kokhalitsa, monga utali wa mpope kapena kukula kwa chipolopolo, ATF imapempha kuti muilembere kalata. Mukabwezerapo mpope wa mainchesi 16 ndipo waufupi uja mwautaya kapena kuugulitsa, mfutiyo imabwerera kukhala wamba, ndipo ndi bwino kuwadziwitsa. Simungaibwereke mnzanu kuti apite nayo kwawo, ngakhale mkazi wanu sayenera kukhala nayo payekha pokhapokha mutailembetsa kudzera mu trust, mgwirizano wa mwalamulo wosungira katundu pamodzi, imene iye alimo, ndipo zikatero nayenso amapereka chithunzi ndi zidindo za zala. Chimene ambiri amaiwala ndi malire a zigawo. Kuti mutuluke nayo mu Indiana, kaya mukusamuka kapena mukungopita kowombera, muyenera kulandira kaye chilolezo pa Form 5320.20. Indiana imalola ma SBR olembetsedwa, koma New York, New Jersey ndi California zimaletsa munthu wamba kukhala nawo, ndipo Illinois, imene inachita malire ndi Indiana, ili ndi malamulo ake okhwima. Pepala la ATF siliphimba lamulo la chigawo chimene mwalowamo.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba zonsezi, chimene mnzanu wa kuntchito sangachiganizire ngati anabadwira konkuno. Iye akalakwitsa, mlandu wake umathera kundende ndi kulandidwa ufulu wokhala ndi mfuti. Inu muli ndi green card, ndipo malamulo oona za olowa m'dziko amaika kukhala ndi mfuti yosalembetsa ya mtundu uwu, pansi pa ndime 5861 ya malamulo a msonkho, m'gulu la milandu yaikulu yotchedwa aggravated felony. Munthu amene si nzika akapezeka wolakwa pa mlandu wa gulu limeneli amathamangitsidwa m'dziko, njira zambiri zopempherera chifundo kwa woweruza zimatsekeka, ndipo khomo la unzika limatsekekanso. Zaka zonse zimene mwagwira ntchito usiku ndi usana, sukulu ya ana, ngongole ya nyumba, achibale kumudzi amene amadalira ndalama zimene mumatumiza, zonsezi zingagwe chifukwa cha mainchesi asanu ndi theka a chitsulo. Zimandipweteka ndikaganiza kuti munthu wakhama angataye zonsezo chifukwa chomvera mphekesera ya pa nthawi yopuma kuntchito. Kwa ena m'gulu lino amene muli pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yongocheza, nkhani yanu ndi yokhwima koposa, chifukwa lamulo limaletsa munthu wa viza yosakhalitsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo za mtundu uliwonse, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama yoperekedwa ndi chigawo. Amene alibe mapepala konse saloledwa n'komwe.

Choncho achimwene, muuzeni mnzanuyo kuti upper ija aisunge kwawo, ngakhale mutamupatsa kale ndalama yoikira chikole. Lembani Form 1, ndipo mafunso okhudza unzika wanu ndi mbiri yanu muwayankhe moona, chifukwa kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu paokha. Ngati munamangidwapo pa chifukwa chilichonse, ngakhale mlanduwo unathetsedwa, kapena muli pafupi kupempha unzika, kaonaneni kaye ndi loya wodziwa malamulo a olowa m'dziko musanatumize chilichonse. Fomu ikabwera yovomerezedwa ndipo dzina lanu lazokotedwa pachitsulo, pamenepo mupite mukatenge mpope wanu.