Ma synonym mukukhoza 19 pa 20, koma musayambe mwavina

Sabata yatha kunabwera imelo yochokera kwa achemwali ena, ndi anamwino, akukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito ku UK. Akuti tsiku ndi tsiku amayankha timafunso ta pa foni tolumikiza mawu a Chingerezi ofanana tanthauzo, ma synonym aja, ndipo amapeza 18 kapena 19 pa 20, ndiye akufunsa ngati Chizungu chawo chapsa. Achemwali mwandiponda pachilonda, ndinawerenga ndili mu minibasi mpaka kuseka ndekha anthu kumandiyang'ana.

Ine ndili Form 3 ndinali ndi kope lapadera, tsamba lililonse ndalidula pakati ndi rula, kumanzere liwu kumanja mnzake. Big, enormous. Slim, skinny. Clever, cunning. Ndinkaloweza nthawi ya prep ngati mavesi a ku Sande sukulu, ndipo mayeso olumikiza mawu akabwera ndinkamaliza anzanga asanalembe ndi dzina lomwe. Ndinayamba kuyenda mothimbwidzika, kumadzimva kuti mzungu ndine. Tsoka linabwera tsiku lomwe anatipatsa composition yofotokoza m'bale amene timamukonda. Ndinasankha achemwali anga aakulu, ochepa thupi, anzeru, omwe ankandilipirira fizi ndi ndalama za geni ya mandasi. Ndinati big sister nChizungu cha ana a Standard 5, ine ndidutse pamwamba. Ndinalemba kuti my enormous sister is skinny and cunning. Aphunzitsi anawerenga chiganizocho mokweza kawiri, kachiwiri pang'onopang'ono, kenaka nkufunsa kalasi kuti munthu mmodzi angakhale bwanji chimphona, wowonda ngati wodwala, komanso tambwali nthawi imodzi. Dzina loti Enormous linandimatirira mpaka tsiku lomaliza MSCE, ena mpaka pano tikakumana m'tauni amandiitana choncho.

Chomwe sindinkadziwa nchoti mawu awiri sangafanane ndendende, amangoyandikana basi, ndipo zimenezi timazidziwa bwino m'Chichewa mwathumu koma tikafika pa Chingerezi timaiwala. Kufa ndi kumwalira pa mayeso mungalumikize nkukhoza. Koma pitani pa siwa mukanene kuti pepani ndamva kuti agogo afa, muone mmene azimayi akuyang'anireni. Mbuzi ndiyo imafa, agogo amamwalira kapena atisiya. Palibe anatipatsa mndandanda, tinangomva akuluakulu akuyankhula.

Chingerezi nde chinanyanya chifukwa chinatola mawu uku ndi uku. Mu 1066 William wa ku Normandy atalanda England, anthu apamwamba ankayankhula Chifalansa pomwe anthu wamba anapitiriza chiyankhulo chawo, Chilatini nacho chili kutchalitchi ndi m'mabuku. Nchifukwa chake ng'ombe ili kudambo ndi cow koma ikafika m'mbale ndi beef, pig isanduka pork. Ask ndi interrogate zonse nkufunsa, koma amayi anu mumawapanga ask, interrogate ndi za kupolisi.

Ndiye ine ndinena mosapsatira, timafunso timeneti timangoyesa ngati liwulo munalionapo, osati ngati mungaligwiritse ntchito. Pa mayankho anayi awiri amakhala oonekeratu kuti ngabodza, otsalawo mungolotera mwina nkukhoza, foni nkukuimbirani kabelu kokuyamikirani. Ndimamvetsa chifukwa chake timazikonda, kuno English timaiopa kuyambira kale, pa MSCE ukapeza 9 mu English satifiketi palibe olo Masamu ukhale ndi 1, ndiye munthu umagwira chilichonse chooneka ngati chikuwerengeka. Aphunzitsi nawo kalasi ya ana osawerengeka, kuchonga mizere yolumikiza mawu nkosavuta kusiyana ndi kuwerenga ma composition mulu wonse, sindikuwanena.

Nanga IELTS yo

Apa ndisakugwetseni mphwayi kwambiri, pa gawo la mayesowa la Reading ma synonym amathandizadi. Mafunso alipo 40 mphindi 60, ndipo nthawi zambiri funso silibwereza mawu a m'nkhani, likhoza kunena decline pomwe nkhaniyo yalemba fell, ukamasaka liwu lomwelo nthawi ikuthera. Koma bungwe lolembetsa anamwino ku UK, NMC, limafuna 7 pa Reading, Listening ndi Speaking, ndi 6.5 pa Writing, ndipo pa Writing ndi Speaking palibe amene akupatseni A, B, C, D. Muli nokha ndi pepala, kapena ndi munthu akukuyang'anani kudikira kuti muyankhule, liwu lichoke m'mutu mwanu pamodzi ndi anzake omwe limayenda nawo. Mvula yambiri ndi heavy rain osati strong rain, tiyi wa masamba ambiri ndi strong tea osati powerful tea. Inuyo mu wadi, wodwala akati sharp pain ndi wina akati dull pain si ululu umodzi, mukudziwa kuposa ine.

Chochita nchochepa. Timafunsoto musasiye, mphindi 10 zakwana, koma liwu lililonse latsopano mulilembe ndi chiganizo chonse chomwe mwalipezamo, kenaka mupange chanu cha za kuntchito kwanu. Sabata iliyonse lembani nkhani imodzi ya mawu 250 mu mphindi 40 ngati Task 2, funso lachiwiri la Writing, mupeze munthu wosakunyengererani aichonge ndi cholembera chofiira. Mukafuna nditumizireni yoyambayo pa imelo yomwe munandilembera ija, ndiona.