Achimwene, musanagule Golf ya mpikisanoyo, yambani mwagona pansi pake

Sabata yatha m'bale wathu wina wa ku Tembisa wandilembera. Wapeza galimoto ya Citi Golf ya mpikisano ikugulitsidwa, ili ndi roll cage (mapaipi achitsulo a m'kati oteteza dalaivala galimoto ikagubuduzika), ma coilover (mashoko okhala ndi masipuling'i ake) ndi mabushi olimba, ndiye akufunsa ngati zosinthazo zikuyenerana ndi mtengo wake. Achimwene, funso lanuli landikanda pachilonda.

Nditangoyamba kupita ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, ndinagula Golf yotereyi kwa bambo wina. Ndalama yake ndinasonkha zaka ziwiri m'galaja, ina mwa iyo ndikanatumizira mayi ku Dedza. Penti ikunyezimira, injini ikulira mokoma, galimoto yotsika mpaka kutsala pang'ono kukhula msewu. Ulendo wachitatu pabwalo, ndikulowa pakona, chiwongolero chinangopepuka m'manja. Titaikweza pa jeki tinapeza mng'alu pamwamba pomwe shoko yakumanzere imamangirira, atamatapo phala n'kupakapo penti. Ndinakanda ndi sikuludiraiva, phala lija n'kumayoyoka ngati chigumu chouma. Mapazi a roll cage anawotcherera pa chitsulo chopyapyala chodyeka ndi dzimbiri. Ndikanagubuduzika tsiku limenelo, mapaipi akanaboola pansi ngati msomali pa katoni, denga n'kundipsinja. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Kuyambira pomwepo galimoto yotsitsidwa mopyola muyezo sindiikhulupirira, ndipo palibe angandisinthe maganizo. Citi Golf inkapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, koma thupi lake ndi la Golf yoyamba ija ya m'ma 1970. Analipangira matayala owonda ndi masipuling'i ofewa. Mukaikapo matayala omata phula ndi ma coilover ouma gwa, mphamvu yonse imathera m'chitsulo chakalecho. Mukaitsitsanso kwambiri, ma control arm (zitsulo zolumikiza tayala ku thupi la galimoto) amapendekeka, ndiye tayala likagunda bampu limadzikhotera lokha. Anyamata ambiri amatsitsa kuti ioneke bwino pa Facebook. Zimandiwawa, chifukwa mnyamata yemweyo mawa anyamula mng'ono wake.

Za malamba omangira dalaivala pampando ndisaiwale. Malamba ovomerezeka ndi FIA, bungwe la mipikisano ya magalimoto la dziko lonse lapansi, amakhala ndi chaka chothera ntchito pa kachikwangwani kake. Akakhala otha, a Motorsport South Africa, omwe amayang'anira mipikisano ku South Africa, akhoza kukubwezani poyendera magalimoto, ndalama yolowera mutalipira kale.

Tsono mukapita kukaiona

Tengani tochi, maginito ndi tepi yoyezera. Yendetsani maginito mozungulira pomangira mashoko; pomwe sakugwira pali phala. Yezani kuyambira pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Pa Golf imeneyi pamakhala pafupifupi 2400 mm, ndipo mbali zikasiyana kwambiri, mwina inagundapo. Phazi lililonse la mapaipi akuluakulu a roll cage likhale pa chitsulo chochindikala 3 mm, chotambalala 120 cm², monga amanenera malamulo a FIA, ndipo chiwotcherero chizungulire paipi yonse, ngakhale kumwamba kobisika kuja kufupi ndi denga. Onani ngati mashoko akudontha mafuta, ndipo funsani dzina la mashokowo ndi nthawi yomwe anawakonza komaliza.

Mwini wake akakana kuti muikweze pa jeki, tsanzikani mwaulemu muzipita. Akavomera, ndijambulireni pansi pakepo munditumizire, tidzaonere limodzi musanatulutse ndalama.