Tambala wotuwa, thadzi lotuwa, anapiye akuda: ndani wachita chinyengo?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene wayamba kumene kuweta nkhuku za mtundu wa Old English Game. Anagula tambala ndi thadzi, zonse za nthenga zotuwa ngati phulusa, zimene aweti amati blue. Thadzi laswa anapiye 11: asanu ndi mmodzi otuwa, atatu akuda bii, awiri oyera a madontho apa ndi apo. Funso lawo ndi lakuti kodi wogulitsa uja anawapusitsa, kapena tambala wa aneba ndi amene analowerera?

Bambo, mtima m'malo, ndipo aneba musakawayambe. Nkhuku zanu zachita zimene nkhuku za blue zimachita kulikonse.

Nkhani yagona pa jini imodzi. Sindikunena majini a kwa asing'anga aja ayi, koma timalangizo ta m'thupi timene mwanapiye amatengera, kena kwa tambala, kena kwa thadzi. Jini ya blue ntchito yake ndi kusungunula ukuda, monga momwe mkaka umachitira mu tiyi. Mwanapiye amene sanaitenge konse amakhala wakuda. Akaitenga kwa kholo limodzi lokha amatuwa. Akaitenga kwa makolo onse awiri, mkaka wachuluka, amayera n'kutsala madontho okha, ndipo ameneyu amatchedwa splash. Ndiye kuti nkhuku yotuwa iliyonse ili ndi jiniyi kumbali imodzi yokha, mbali inayo ilibe. Mukakweretsa zotuwa zokhazokha, pa anapiye anayi alionse yembekezerani mmodzi wakuda, awiri otuwa, mmodzi wa splash. Anu aja 3, 6 ndi 2 angotsala pang'ono kugwera ndendende pa masamuwa. Mwachita mwayi, chifukwa pa mazira ochepa chonchi kawirikawiri zimapendekera mbali imodzi, ena mpaka amaswetsa popanda wa splash ngakhale mmodzi.

Zimenezi sizachilendo. Asayansi awiri a ku England, William Bateson ndi Reginald Punnett, anazifufuza ku Cambridge kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pa nkhuku za mtundu wa Andalusian, ndipo kabokosi kamene ana a sekondale amajambula mu Bayoloje powerengera masamu a jini ngati amenewa kali ndi dzina la Punnett yemweyo.

Tsono ngati mukufuna khola la zotuwa zokhazokha, oyera awiri aja musawadyere nsima. Akakula, kweretsani wa splash ndi wakuda. Wa splash apereka jiniyo kwa mwanapiye aliyense, wakuda sapereka konse, ndiye onse aswa otuwa. Zimaseketsa ndithu kuti makolo osatuwa ndi amene amabereka otuwa onse, pamene otuwa enieniwo amangokwanitsa theka. Wotuwa ndi wakuda amaswa theka otuwa, theka akuda. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi pofuna mtundu wokongola, poti kukweretsa zotuwa mibadwo yambiri osasankha bwino kumatulutsa utuwa wofuwirira.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu pa nkhuku za game n'chakuti jiniyi imagwira pa nthenga zakuda zokha, zofiira imangozidutsa. Tambala wa khosi ndi msana wofiira, chifuwa ndi mchira wakuda, akaitenga amakhalabe wofiira pakhosi, koma chifuwa ndi mchira zimatuwa. Palinso utuwa wina wotchedwa lavender, umene jini yake ndi ina, ndipo lavender ziwiri zimaswa lavender zokhazokha. Mwina wogulitsa akanakufotokozerani kusiyanaku simukanagona ndi nkhawa.

Za tambala wa aneba sindikuzitaya kotheratu, ngakhale pano alibe mlandu. Thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi kwa masabata awiri, nthawi zina kufika atatu. Ine zinandionekera chaka china: ndinatsekera thadzi ndi tambala amene ndinasankha, n'kuyamba kutola mazira mawa lake lomwe, ndipo anapiye ena anatuluka ndi khosi lopanda nthenga, chizindikiro cha katambala kena kamene kankangoyendayenda pabwalo. Choncho musanayambe kusunga mazira oti thadzi likhalire, litsekereni ndi tambala wanuyo masabata atatu, mazira a masiku amenewo mukazinge. Mulembenso m'kope kuti tambala uti wakwera thadzi liti, chifukwa pofika m'badwo wachitatu mutu suzikumbukanso.