Za nyumba ya pafamu ku Bembeke: pitani, koma Januwale ayi

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba. Mwati mwapeza nyumba pafamu ina cha ku Bembeke, ku Dedza, kopanda magetsi a ESCOM ndi madzi a m'mipopi. Eni ake akuti pali sola ndi mjigo, ndipo akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Inu mukufuna mukakhaleko ndi ana anu awiri aang'ono kuyambira Januwale, uku mukugwira ntchito yanu pa laputopu. Ena pagulu lathu lino akuopsezani kale kuti mukavutika. Ine ndikuti pitani. Kumeneko n'kokoma kukhala, mpweya wake ndi wabwino, ndiwo zamasamba ndi kachewere n'zosasowa, ndipo ana okulira mumpanda ku Lilongwe akufunika kuthamangako pabwalo lopanda geti. Koma mwezi mwasankhawo usintheni, ndipo musatumize ngakhale tambala musanakagoneko usiku umodzi.

Ndiyambe ndi mweziwo chifukwa zina zonse zatsamira pamenepo. Januwale ndi Febuluwale ndi pachimake pa dzinja. Msewu waukulu wa M1 ulibe vuto, koma mukangopatuka kulowa msewu wafumbi, dothi lofiira lija limaterera koopsa, ndipo galimoto yaing'ono imatha kutitimira pamalo oti oyenda pansi akungodutsa. Mitambo imatha kuphimba masiku angapo motsatizana, ndiye sola yomwe mukuidalirayo imafooka nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Udzudzu ndiye nyengo yake. Komanso ndi miyezi ya njala kumudzi, nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, anthu ali kalikiliki ndi maganyu. Kufika mlendo wochokera m'tauni nthawi imeneyo n'kovuta kwa inu ndi kwa iwo omwe. Mukadikira mpaka kumapeto kwa Epulo kapena Meyi, mukapeza misewu yauma, anthu akukolola, zitsime zidakali ndi madzi, dzuwa likuwala tsiku lonse. Mukakhala Meyi, Juni ndi Julayi, mudzabwerako mukufunabe kubwerera.

Chokhacho, miyezi imeneyo ku Dedza kumazizira zenizeni. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa wa mu Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Tengani mabulangete okwanira, majuzi ndi zipewa za ana. Ndipo apa ndikupempheni ndi mtima wonse: musadzalowetse mbaula ya makala m'chipinda chogona n'kutseka zitseko ndi mawindo. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, umangogonetsa munthu osadzukanso. Anthu amafa nazo m'nyengo yozizira. Otherani moto pakhonde kapena kukhitchini, mukamakagona mbaula itsale panja.

Tsopano za sola. Mawu akuti "pali sola" sanena kanthu. Kumudzi munthu akakhala ndi kapanelo kamodzi padenga koyatsira mababu atatu ndi kutchajira foni, amati ali ndi sola, ndipo sakunama. Koma inu ntchito yanu ili pa laputopu. Afunseni akutumizireni zithunzi za zolembedwa pa batire, kuseri kwa panelo ndi pa inveta (kabokosi kosintha magetsi a batire kuti akhale ngati a ESCOM). Batire ya 12V 100Ah imasunga mphamvu pafupifupi 1,200Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma ngati ili ya asidi kapena ya jelo mumayenera kugwiritsa ntchito theka lokha, apo ayi imafa msanga. Ndiye muli ndi 600Wh basi. Laputopu yodya mawati 50 kwa maola 8 yatenga kale 400. Onjezani mafoni, rauta ndi mababu, yatha. Masana panelo imathandizira, koma kukachita mitambo mudzaona nokha. Filiji, ayironi ndi ketulo muiwale, pokhapokha ngati pali mabatire angapo kapena a lithium. Ketulo yokha imadya mawati oposa 1,000. Funsaninso kuti batireyo yakhala zaka zingati, chifukwa yokalamba imaonetsa kuti yadzaza masana koma ikangokwana 9 koloko usiku inveta yayamba kulira. N'chifukwa chake ndikuti mukagoneko. Mukayatse zonse zomwe mudzagwiritse ntchito, mudzuke mbandakucha muone ngati babu likuyakabe.

Netiweki muiyese muli m'nyumba momwemo, pamalo pomwe mudzaike tebulo, osati pachulu pomwe anyamata a pafamu amaimbira foni. Tengani ma SIM onse awiri, wa Airtel ndi wa TNM, muimbe foni ya vidiyo masana ndi madzulo. Kumapiri zimasiyana nyumba ndi nyumba. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo imagwira kulikonse komwe kumwamba kuli poyera, koma nayo imadya magetsi ofanana ndi laputopu kapena kuposa, ndiye musaiwerengere pa batire imodzi ija.

Madzi ndiwo adzakuuzeni ngati mudzakhalitse kapena mudzathawe sabata yachiwiri. Za mjigo musafunse eni nyumba. Pitani pamjigopo m'mawa, mupereke moni kwa amayi otunga, muwafunse iwowo: kodi umatuluka madzi chaka chonse? Ukawonongeka amakonza ndani, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji? Ngati ndi wa mudzi wonse, pamakhala komiti yake ndi kandalama kosonkha pamwezi, ndipo inunso muzikasonkha mosanyinyirika. Yendani nokha kuchoka pamjigo kufika pakhomo mutanyamula ndowa yodzaza. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo ndi ana awiri, kusamba, kuphika ndi kuchapa, ndowa zisanu patsiku sizichedwa kutha. Mukaona kuti simungathe, palibe chamanyazi, gwirizanani ndi mayi wina wapafupi azikutungirani, mumulipire bwino, ndipo mtengo mupangane poyamba.

Ngati "mjigo" uja mukaupeza kuti ndi chitsime chokumba pamanja, yang'anani komwe kuli chimbudzi. Chizikhala kumunsi kwa chitsime, patali mamita osachepera 30. Ndipo kaya madzi akuoneka oyera bwanji, akumwa muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, sitinaiwale. Chimbudzicho muchione ndi maso a mayi: dzenje lake mwana wa zaka zitatu sangagweremo? Pansi pake ndi pa simenti kapena ndi mitengo yokutidwa ndi dothi yomwe chiswe chingakhale chitadya? Usiku ana asamapiteko okha, sungani kandowa kapadera m'nyumba.

Kuphika, ndingakonde mutatenga silinda ya gasi kuchokera ku Lilongwe. Nkhuni za pafamu zili ndi eni ake, ndipo mapiri a ku Dedza ameteka kale mokwanira. Ngati mukufuna kuphika pa nkhuni, chitetezo mbaula imadya zochepa kusiyana ndi mafuwa.

Za umoyo ndinena mwachidule koma musazipeputse. Kuzizira sikuthetsa malungo, aliyense azigona m'neti, ndipo mwana akatentha thupi akayezetsedwe tsiku lomwelo. Tsiku loyamba mudziwe chipatala chaching'ono chomwe chili pafupi, mudziwane ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo, ndipo musunge manambala a anyamata awiri a njinga yamoto omwe angadzuke pakati pa usiku. Njoka yoti muisamale kwambiri ndi mphiri, chifukwa sithawa, imangogona m'njira. Madzulo tochi m'manja, nsapato kuphazi, udzu wozungulira nyumba ukhale wotchetcha. Munthu akalumidwa, osatema pabala, osayamwa, osamanga chingwe, thamangirani kuchipatala. Lambulaninso mozungulira nyumba Julayi asanathe, chifukwa osaka mbewa akayamba kutentha tchire moto susankha malire.

Koma chomwe ndikufuna muchimvetse kuposa zonsezi ndi cha anthu. Famu yakutali ndi magetsi si yakutali ndi anthu. M'tauni chitetezo chanu ndi mpanda ndi loko, kumudzi ndi anthu okuzungulirani. Mukangofika, eni nyumba akuperekezeni kwa a nyakwawa mukaonekere, mutanyamula kapaketi ka shuga kapena sopo. Mukatero mwasanduka mlendo wa mudzi, ndipo chanu chikasowa mudzi wonse umachita manyazi. Mukapanda kutero mudzakhala "amayi a galimoto aja" mpaka tsiku lochoka. Kukagwa maliro, tsekani laputopu, mangani chitenje, mukakhale nawo pasiwa ngakhale kwa ola limodzi, mupereke chipepeso. Moni musamaumire, ngakhale mukufulumira. Dedza ndi kwawo kwa gule wamkulu, choncho ana muwauze kuti kumanda ndi kunkhalango zozungulira manda sikoseweretsa, ndipo mukakumana ndi gule panjira mupatuke mwaulemu, foni osaitulutsa kuti mujambule popanda chilolezo. Anthu adzabwera kudzatchajitsa mafoni, ena kudzapempha thandizo la mayendedwe wina akadwala. Ganiziranitu zomwe mungathe ndi zomwe simungathe, kuti mudzayankhe mofanana kwa onse, mwaulemu.

Kukaonekera kwa amfumu kuli ndi phindu linanso. Ndi komwe mudzadziwe ngati amene akukubwereketsani nyumbayo alidi ndi mphamvu pamalopo. Malo ambiri kumeneko ndi a makolo, ndipo kwa Achewa amayenda kuchikazi. Bambo akhoza kumanga nyumba yokongola ali pachikamwini, nthaka ili ya akuchikazi. Zikatere, mayi wa pakhomopo ndi mwini mbumba adziwe za mgwirizanowu, kuopa kuti wina angadzatulukire mwezi wachiwiri n'kumati sanauzidwe.

Mgwirizanowo ulembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, asaine onse ndi mboni. Mulembemo kuti batire kapena inveta ikafa agula ndani, denga likadontha akonza ndani, mlonda ngati alipo amalipidwa ndi ndani. Mulembemonso zooneka zazing'ono zomwe zimadanitsa anthu: kodi ndiwo za kudimba mungathyole? Mazira ndi mkaka n'zogula kapena zili mu lendi? Mbuzi zikalowa m'kamunda kanu, mlandu ndi wa ndani? Ogwira ntchito pafamu mungawatume, kapena ali ndi bwana mmodzi? Funsaninso ngati amapopera mankhwala m'munda wapafupi ndi nyumba komanso komwe amasunga, chifukwa alimi a kachewere ndi tomato amapopera kawirikawiri, ndipo ana amatola botolo lililonse.

Za miyezi itatu pakamodzi zija, kambiranani nawo mofatsa. Auzeni kuti mupereka mwezi umodzi ndi chikole cha mwezi wina, yotsalayo muzipereka mwezi ukamayamba. Ngati akufuna ndalama yambiri kuti akonzere nyumba, zili bwino, koma mulembe chomwe akonze, kaya ndi batire yatsopano kaya ndi chitseko cha chimbudzi, ndipo mukachione musanasamuke. Lipirani kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki kuti pakhale umboni. Mwini nyumba wachilungamo sangakane kuti mukagoneko usiku umodzi musanalipire. Akakana, fufuzani kwina, mafamu ku Dedza, Ntchisi ndi Mchinji alipo ambiri.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndiye ulendo wokaonawu ndi wa Loweruka kubwerako Lamulungu. Ngati mungathe, pitani ino nthawi ya mvula, ana muwasiye kaye. Mukaona msewu uli pamavuto ake enieni, denga ngati likudontha, ndi sola pansi pa mitambo. Mukakhutira nazo, panganani zolowa mu Meyi. Mukabwerako tumizani muno zithunzi za batire ndi inveta zija, ndidzakuwerengerani ngati zingakwanire ntchito yanu.