Msonkho wa pachipata ukakweza mtengo wa mawaya, alipire ndani?

Funso: Ndimagwira ntchito yoika mawaya a magetsi m'nyumba ndipo ndimakhala ku Luwinga. Miyezi inayi yapitayo ndidapereka koteshoni ya nyumba ina ku Katoto, koma mwini wake wapeza ndalama tsopano. Ku hadiweya ndapeza kuti mawaya, ma breaker ndi masoketi zakwera, ndipo ogulitsa akuti ndi chifukwa cha msonkho. Mwini nyumba akukana kuwonjezera ndalama. Ndichite chiyani?

Yankho: Bambo, vuto lanu likusautsa amisiri ambiri mu Mzuzu muno, ndipo gwero lake ndi lakuti zipangizo zambiri za magetsi zimachokera kunja. Zambiri mwa zomwe zimafika kuno kumpoto zimatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko pa Songwe ku Karonga, kenako n'kukwera mapiri a Chiweta pa msewu wa M1. Pachipatapo bungwe la MRA silowerengera msonkho pa mtengo wogulira wokha, koma limaphatikizapo ndalama zonyamulira katunduyo ndi inshulansi yake, ndipo VAT imawerengeredwa pamwamba pa zonsezi pamodzi ndi msonkho womwewo.

Tiyerekeze kuti mwini hadiweya waitanitsa mawaya a K1,000,000, ndipo tigwiritse ntchito VAT ya 16.5 peresenti yomwe dziko lino lidakhala nayo kwa zaka zambiri. Msonkho wolowera ukakhala 10 peresenti, katunduyo amatuluka pachipata ali pa K1,281,500, koma ukakhala 25 peresenti amatuluka ali pa K1,456,250. Msonkho wakwera ndi K150,000, pomwe ndalama zotuluka m'thumba zakwera ndi K174,750, ndipo wogulitsayo adzaikanso phindu lake pamwamba pa mtengo watsopanowo. Pofika pamene inu mukunyamula mpukutu wa waya pakauntala, kukwera konseko kuli pa inu.

Komabe musamangovomera kuti chilichonse ndi msonkho, chifukwa msonkho umawerengeredwa mu kwacha motengera mphamvu ya dola. Pamene kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zolipira pachipata zidakwera ngakhale pa katundu yemwe mulingo wa msonkho wake sudasinthe. Onjezanipo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, ndiponso mtengo wa mkuwa womwe umatsatira msika wa ku London, ndipo muona kuti koteshoni ya miyezi inayi yapitayo ndi pepala lotha ntchito.

Pa nyumba ya ku Katoto, ngati mudalemba mtengo umodzi wophatikiza zonse popanda kutchula tsiku lomwe koteshoniyo idzathere mphamvu, mwini nyumba ali ndi poimira, choncho musapite kwa iye ndi mkwiyo. Tengani makoteshoni atsopano a mahadiweya awiri kapena atatu, muike pambali pa mitengo yakale, ndipo mumuonetse chinthu chimodzichimodzi momwe chakwerera. Kenako mumupatse mwayi wosankha: agule yekha zipangizo motsatira mndandanda wanu inu n'kulandira za ntchito ya manja anu zokha, kapena ntchitoyo igawidwe, muyambe ndi mapaipi ndi mabokosi a m'khoma pulasitala asanapakidwe, mawaya n'kubwera ndalama zikapezeka. Akakana zonsezi ndipo simudalandire dipoziti, ndi bwino kuisiya ntchitoyo kusiyana ndi kuigwira modya mpamba wanu.

Chomwe ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kubweza ndalamazo pogula waya wosakhala bwino. Msonkho ukakwera, pamsika pamachuluka waya wozembetsedwa womwe kunja umaoneka ngati wa mkuwa, koma mukausenda n'kuupala ndi mpeni mkati mumatuluka chitsulo choyera cha aluminiyamu. Waya wotere umatentha mukalumikiza kuka kapena giza, ndipo nyumba ikapsa, dzina lomwe lili pa mapepala opita ku ESCOM ndi lanu, chiphaso cha MERA chomwe chingalandidwe ndi chanunso.

Pa ntchito zam'tsogolo, lekanitsani mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito, lembani kuti mitengo ya zipangizo igwira ntchito kwa masiku 7 kapena 14 okha, ndipo dipoziti ikangolowa gulani tsiku lomwelo zinthu zodula monga mawaya ndi bokosi la ma breaker. Muzichenjera makamaka miyezi ya February ndi March pamene nduna ya zachuma imapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, popeza misonkho ya pachipata imasintha nthawi imeneyo, chaka cha boma chisanayambe pa 1 April.



Ngati mungagwirizane ndi amisiri anzanu kuti muziitanitsa nokha katundu, dziwani kuti katundu wopangidwa m'maiko a SADC kapena COMESA amatha kulowa pa msonkho wotsika kapena wopanda msonkho wolowera, pokhapokha pali chikalata chotsimikiza komwe adapangidwa. Waya wopangidwa ku Zambia kapena ku Tanzania ungapindule ndi mwayi umenewu, koma wa ku China wongogulidwa m'sitolo ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam sungapindule nawo ngakhale wadutsa m'dziko la SADC. Musanatumize ndalama iliyonse, pitani ku ofesi ya MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka ndi mndandanda wa katundu wanu, akuwerengereni msonkho wa chinthu chilichonse payekhapayekha.