Agogo anachokera "ku Russia": tiyambire pati?

Mayi wina wa ku Kabwe wanditumizira imelo. Akuti agogo a bambo ake anali Myuda wogulitsa m'sitolo, anafika ku Northern Rhodesia (lero Zambia) nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo abale amangodziwa dzina lawo ndi zoti anachokera ku Russia. Akufuna kudziwa kwawo kwenikweni.

Mayi, musathamangire ku Moscow. Ayuda ambiri amene anabwera kummwera kwa Africa kuno anachokera ku Lithuania ndi Latvia, madera amene nthawi imeneyo ankalamulidwa ndi mfumu ya Russia. Elie ndi Harry Susman, amene anafika ku Barotseland mu 1901 kudzagula ng'ombe, kwawo kunali ku Rietavas, tawuni ya ku Lithuania. Simon Zukas, amene anamenyera nawo ufulu wa Zambia, anabadwira ku Ukmergė, ku Lithuania komweko. Chimene mukusowa inu ndi dzina la tawuni, chifukwa mabuku a kalembera kumeneko ankalembedwa tawuni ndi tawuni. Dzina la banja lokha silingakufikitseni patali.

Yambirani kumanda. Mwala wa pamanda a Myuda nthawi zambiri umakhala ndi zilembo za Chiheberi zotchula dzina lake lobadwa nalo komanso la bambo ake. Apo mwapeza mibadwo iwiri nthawi imodzi. Jambulani mwalawo dzuwa likuwala bwino, muike chithunzicho pa ViewMate, gawo la JewishGen (tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya mabanja a Ayuda) limene anthu odzipereka amamasulira ulere.

Mukatero, tsatirani njira imene anadzera. Ambiri ankakwera sitima ya pamadzi ku Libau, lero Liepāja ku Latvia, kupita ku England. Podikira sitima ya ku Cape Town ankagona ku Poor Jews' Temporary Shelter, nyumba yogonamo Ayuda osauka apaulendo ku London, ndipo mabuku a nyumbayo a 1896 mpaka 1914 ali pa intaneti, olembamo dzina, zaka, kochokera ndi sitima. Kwa ine awa ndiwo mabuku ofunika koposa pa nkhani yanuyi.

Tawuni ikadziwika, fufuzani pa intaneti mu All Lithuania Database ya LitvakSIG, gulu losonkhanitsa zolembedwa zakale za Ayuda a ku Lithuania. Musaumirire kalembedwe kamodzi: Kovno ndi Kaunas yemweyo, Vilna ndi Vilnius, ndipo dzina la agogowo linadutsa m'Chirasha ndi m'Chiyidishi lisanalembedwe m'Chingerezi. Tsiku lobadwa likasemphana ndi masiku 12 musadabwe, ku Russia ankatsata kalendala yakale.

Konzekeraninso zowawa. Mu 1941 asilikali a Nazi ndi owathandiza anapha Ayuda ambiri a ku Lithuania, ndipo n'kutheka kuti abale amene anatsala kumudzi anathera komweko. Ku Yad Vashem, malo okumbukira Ayuda ophedwa ndi a Nazi ku Jerusalem, kuli masamba a umboni onena za ophedwawo, olembedwa ndi opulumuka komanso achibale. Pa tsamba lililonse pali dzina la wolembayo ndi ubale wake ndi malemuyo, choncho mukapeza dzina la banja lanu pamodzi ndi tawuni ija, funani ana kapena zidzukulu za wolembayo muwalembere.