Kodi tizidutswa tosaoneka amatiwona bwanji?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Akuti tizidutswa topanga atomu sitioneka ngakhale pa maikulosikopu. Nanga asayansi amadziwa bwanji kuti tilipo? Kapena amangopeka?"

Zikomo kwambiri pofunsa. Zoona zake n'zakuti palibe amene anationapo ndi maso. Chimene asayansi amaona ndi mapazi ake, ngati mmene mlenje amadziwira kuti padutsa nyama atangoona pamene yaponda.

Nkhaniyi inayambira paphiri. Mu 1894, Charles Wilson wa ku Scotland anakhala masabata angapo pamwamba pa phiri la Ben Nevis. Mitambo ya kumeneko inamutenga mtima, moti atabwerera ku Cambridge anayamba kupanga mitambo yakeyake m'kabokosi kagalasi. Ankadzazamo mpweya wachinyezi, kenako n'kuufutukula mwadzidzidzi kuti uzizire. Nthunzi ikazizira imafuna poti igwire kuti isanduke madontho. Kachidutswa kokhala ndi mphamvu yamagetsi kakadutsa, kamagwedeza maatomu a m'njira yake, ndipo timadontho timapangika pomwepo. Ndiye pamaoneka kamzere koyera, kakang'ono ngati ulusi, kenako n'kuzimiririka. Pofika 1911 Wilson anali akujambula timizereti pa kamera.

Ine chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nzeru za Carl Anderson ku California mu 1932. Anaika kabokosi kotere pakati pa maginito amphamvu, amene amakhotetsa njira ya kachidutswa. Anaona mzere wofanana ndi wa electron, kachidutswa kamagetsi kopezeka mu atomu, koma wokhotera mbali yolakwika. Nanga mwina kanali electron wamba kochokera mbali inayo? Pakati pa kabokosiko anaikapo mtovu wokhuthala mamilimita 6. Kachidutswa kakaboola mtovuwo kamachepa liwiro n'kukhota kwambiri, choncho mbali yokhota kwambiri ndiyo kankalowera. Chikaiko chinathera pamenepo: anali atapeza positron, kachidutswa kofanana ndi electron koma ka mphamvu yamagetsi yotsutsana nayo, ndipo mu 1936 analandira mphoto ya Nobel.

Mu 1952 Donald Glaser anasintha n'kugwiritsa ntchito zamadzimadzi zotenthetsedwa, kuti kachidutswa kazisiya mzere wa thovu. Anthu amakonda kunena kuti nzeruyi anaipeza akuyang'ana thovu la mowa, koma iye mwini anakana.

Vuto linali lakuti zithunzizo zinkachuluka zedi, ndipo anthu ankaziunika chimodzichimodzi. Mu 1968 ku CERN, malo ofufuzira za tizidutswati ku Ulaya, Georges Charpak anapanga bokosi la mpweya lokhala ndi mawaya ambirimbiri otumiza uthenga ku kompyuta. Makina oonera tizidutswa a ATLAS ku CERN komweko, olemera matani 7,000, amene anathandiza kupeza kachidutswa kotchedwa Higgs boson mu 2012, ndi zidzukulu za mawaya amenewo.